Khomo la Alendo pa Biyo la a Swaleyi

Ndagi. Nkhokwe ya bambo anga, ukaitseka imaphwa, ukaisiya chitsegukire imadzaza. Amene wadziwa asunge yankho m'tsaya. Amene sanadziwe asafulumire kubaya ng'ombe, pakuti yankholo likubwera ndi munthu uyo akutsetsereka ndi njira ya kumzikiti m'mawa uno, nsomba ziwiri zikulendewera pa luzi m'dzanja lake.

Munthuyo anali Bwanali, mwana wa malemu a Swaleyi, msodzi wa kumathiriro a mtsinje wa Nansenga, kumene madzi amagawikana timifuleni ngati zala asanalowe m'dziwe lalikulu. Silinali Lachisanu, koma iye anavala mkanjo woyera ndi kofia yopeta. Nsombazo anazinyamula motalikira thupi, osati poopa kudetsa mkanjo pokha, komanso kuti aliyense wokumana naye aone kuti ndi mpasa, iliyonse yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu.

Anapeza Shehe Twaibu atakhala pa chitsa kuseri kwa madrasa, chubu cha njinga chili m'beseni la madzi, akufunafuna pamene panabooka. Shehe ameneyu anaphunzira mpaka ku Zanzibar, ndipo mashehe anzake ankachoka kutali kudzamufunsa milandu yovuta ya maukwati ndi chuma chamasiye. Koma m'mawa umenewo anali atakwinya manja a mkanjo, ndevu zitanyowa, akupenyetsetsa madzi ngati mwana wodikira nkhanu.

"Asalamu aleikumu, a Shehe."

"Waleikumu salamu, a Bwanali. Dzanja sindikupatsani, mungabwerere kwanu mukununkha guluu."

Shehe anadzuka, nasiyira mlendo chitsa chija, iye nkukhala pa njerwa. Anafunsa za kunyumba, za ana, za mmene mitima ikukhalira chiikireni malemu m'manda. Bwanali anayankha zonse mwaulemu, kenako anaika nsomba zija pa tsamba la nthochi, nanena kuti ndi kandiwo chabe. Nkhani yake yoyamba inali ya arubaini, sadaka yaikulu ija imaphikidwa potsekera maliro. Tsiku lake linali litayandikira, ndipo banja linkafuna kuti a Shehe adzatsogolere duwa, pemphero lopempherera malemu. Shehe anavomera, nati Mulungu akalola adzafika.

Nkhani yachiwiri ndi imene inamuveka mkanjo woyera.

Banja la a Swaleyi linali ndi biyo pamene mtsinje usanagawikane, mpanda wa zichiri ndi bango womangidwa chopingasa madzi, wokhala ndi miono m'mipata yake. Mvula ikamatha, madzi akayamba kuyera, mpasa ndi sanjika zimachoka m'dziwe nkumakwera mtsinje kukaikira mazira pa miyala ya kumtunda, ndipo zina zimalowa m'miono ija. Koma a Swaleyi sankatseka mtsinje wonse. Chaka chilichonse akamamaliza kumanga, ankagoneka nkhafi yawo pakatikati, pamene madzi amathamanga kwambiri, ndipo utali wa nkhafiyo unkakhala wosamanga. Malowo ankawatcha khomo la alendo.

Chaka chino a Swaleyi anamanga biyo akutsokomola, nagoneka nkhafi monga mwa masiku onse, nkugona nawonso osadzukanso. Nsomba zinabwera mwa apo ndi apo. Bwanali akavuula miono ankapeza ziwiri, mawa lake imodzi, mkuja palibe, pamene pakhomo paja ankaziona ndi maso ake zikudutsa, misana ili phethiphethi. Mlongo wake Lukia, amene anabwera kuchokera ku Salima kudzayendetsa za sadaka, anasuzumira m'dengu tsiku lina nagwira m'chiuno.

"Achimwene, anthu adzakwere galimoto kudzadya nyemba pa sadaka ya msodzi? Adzati bambo anapita ndi mtsinje womwe."

Mawuwo analowa ngati minga ya mlamba. Tsiku lomwelo Bwanali anatenga ukonde, nautchinga pakhomo la alendo, naumangirira ku zichiri ndi chingwe cha nayiloni. M'mawa mwake miono inalemera moti anaitana anthu omuthandiza kukoka. Thandala loumitsira nsomba linadzaza, utsi unafuka pakhomo, Lukia anayamba kuyimba potsuka mbale.

Koma mtendere sunabwere ndi nsombazo. Anthu a kumtunda kwa Ndaula anatumiza mawu ofunsa ngati mtsinje wagulidwa. Akuluakulu a kumzikiti ankayankha moni wake ndi theka la pakamwa. Ndipo choposa zonse, mwana wake Sakina, kamtsikana kamene mano akutsogolo anali atangoguluka, kanakana kudya mpasa. Kankati agogo anakauza kuti za pakhomo paja ndi za alendo, ndipo munthu sadya chakudya cha alendo iwo asanafike.

Zonsezi Bwanali anazifotokoza mwachidule, ngati munthu wothamangitsa ntchentche. Kenako anakonza kofia yake.

"Ndabwera ndi funso limodzi, a Shehe, ngakhale yankho lake ndikulidziwa kale. Kodi cha m'madzi si halali?"

Shehe anayang'ana nsomba zija nthawi yaitali. Mimba zake zinali zotupa ndi mazira.

"Nsombayi ndi halali," anatero. "Chimene Mulungu sanaletse, ine ndine yani kuti ndichiletse?"

Chifuwa cha Bwanali chinakwera. Ananena kuti ngati zili choncho, a Shehe akanene mawu omwewo Lachisanu pamaso pa anthu onse, kuti a kwa Ndaula atseke pakamwa, ndi madala a kumzikiti aja abweze theka la moni wake. Iye sanabe, sanathire katupe wophera nsomba m'madzi, sanalande biyo la munthu. Anangofuna kuti bambo ake alemekezeke.

Shehe sanakane, sanavomere. Anamizanso chubu chija m'madzi, nachitembenuza pang'onopang'ono mpaka timathovu tinayamba kutuluka, ndipo anabaya pamalopo kachitsotso kuti asapaiwale.

"Za m'mabuku ndikudziwako pang'ono," anatero, "koma za m'madzi ndine mwana wakhanda. Ndisanaime pamaso pa anthu, mundiphunzitse kaye inu. Biyo limamangidwa bwanji?"

Funsoli linamukomera Bwanali. Ndani sakondwa kuphunzitsa munthu wa ku Zanzibar? Anatola kamtengo, najambula mtsinje pansi. Anafotokoza mitengo imene siola msanga m'madzi, mmene bango amalilukira kuti madzi azidutsa koma nsomba ikakamire, mmene kamwa la mono limayang'anira kumunsi chifukwa nsomba yokwera imabwera itatsamira mphuno pa mphamvu ya madzi. Shehe ankangogwedeza mutu, nthawi zina nkufunsa ngati mwana wa sukulu, ndipo Bwanali ankaseka nkumukonza. Atafika pakati pa chojambula chija, dzanja lake linaima lokha. Linali litasiya mpata osauzidwa.

Anaufufuta msanga ndi phazi.

"Ndikudziwa kumene mukundipititsa, a Shehe. Musandiuze kuti kupatsa nkuika, ndinazimva ndili mwana. Bambo ankasiya khomo chifukwa nsomba zinalipo. Wokhuta ndiye amasiya mkute."

Pamenepo mawu anayamba kutuluka ngati madzi ogumula mzere. Anakumbutsa Shehe za ntchila, nsomba imene kale inkadetsa mtsinje ndi kuchuluka kwake, koma lero Sakina amayesa ndi dzina la m'nthano. Ananena za mitengo imene inathera makala kumapiri, moti mvula ikagwa mtsinje umabwera wofiira, matope nkukwirira miyala imene nsomba zimaikirapo mazira. Ananena za minda ya mpunga imene yafika mpaka m'milomo ya timifuleni, ndi za bango limene anthu amatentha kuti apeze polima, pamene m'bangomo ndi mmene tinsomba timabisala tikadali tanthete. Ananena za dziwe limene mabwato ake achuluka kuposa abakha. Ndipo pomaliza ananena za maneti a udzudzu, amene anthu a kumtunda amasokerera pamodzi nkumakokolola nawo mtsinje, osasiya ngakhale kansomba kamene kali maso okhaokha.

"Ndiye ine ndisiye khomo kuti mpasa ikafere mu neti ya udzudzu kwa Ndaula? Ndikhale chitsiru cha mtsinje wonse, bambo anga nkuchita manyazi m'manda?"

"Zonse mwanenazi ndi zoona," Shehe anayankha. "Palibe chimene mwawonjezera. Ndili ndi funso limodzi lokha, mundikhululukire ngati likupweteka. Chaka chija cha njala, anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi, kodi nsomba zinali zambiri?"

Bwanali anaponya pansi kamtengo kaja. Chaka chimenecho sankakonda kuchikumbukira. Anali kamnyamata, wamkulu pang'ono kuposa Sakina. Mtsinje unaphwa mpaka kufika m'maondo, nsomba zinkabwera imodziimodzi ngati anthu ochokera ku maliro. Mabiyo ena onse anatseka mpaka kutsidya. A Swaleyi okha anagoneka nkhafi. Iye ankakumbukira mayi ake ataimirira pagombe, mwana ali kumbuyo, akukalipa kuti alendo akewo ndi ati, oposa ana obereka okha. Ankakumbukira bambo ake ali m'madzi, osayankha, akungomanga luzi. Ndipo ankakumbukira tsiku limene anaona mpasa yaikulu ikudutsa pakhomo paja mosafulumira, iye m'mimba muli kulira, ndipo tsikulo kunyumba sikunafuke utsi.

Sanadziwe kuti zimenezi wazinena mokweza mpaka atamva mawu ake omwe.

"Tinagona ndi njala, a Shehe. Ine ndi Lukia. Chifukwa cha khomo lomwelo. Sindinawafunsepo bambo, koma sindinaiwale."

Shehe anapukuta manja pa kansalu, nasendeza njerwa yake kufupi.

"Inu mumandidziwa ngati Shehe wa pamzikiti pano," anatero motsitsa mawu. "Koma kwathu ndi kwa Ndaula. Chaka chimenecho inenso ndinali kamnyamata. Bambo anali atamwalira, tinatsala ine ndi mayi. Analibe bwato, analibe ukonde, anali ndi dengu lophwanyika pansi. Ankaima nalo pa mathithi kuyambira m'mawa, ndipo masiku ena nsomba imodzi inkabwera. Tinkadabwa kuti yadutsa bwanji, popeza tinkamva kuti kumathiriro kwatsekedwa. Mayi ankandigawira mbali yaikulu nkunena kuti, idya, uyamike Mulungu, ndipo umupempherere munthu wa kumunsi amene sitikumudziwa nkhope. Anzanga awiri amene ndinkasewera nawo sanaione mvula yotsatira. Ine ndinaiona. A Bwanali, tsiku limene inu munagona ndi njala, ine ndinadya."

Kutsogolo kwa madrasa ana anali atayamba kufika, ndipo mawu awo obwereza zilembo ankamveka ngati njuchi. Bwanali anayang'ana pansi pamene anafufuta ndi phazi paja.

Anafunsa ngati bambo ake ankazidziwa zimenezi. Shehe anamwetulira. Anati atatumizidwa kudzaphunzitsa kuno, chinthu choyamba anafunsa kuti mwini khomo la alendo ndani, ndipo anapita kukawathokoza. A Swaleyi anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwo sanadyetse munthu, anangochita zimene anaona malume awo akuchita, ndipo ngati pali woyenera kuthokozedwa ndi nkhafi, poti ndiyo imayeza. Kenako anamutuma kuti awagwirire bwato.

Bwanali anaseka pang'ono ngakhale m'maso munali mutadzaza, chifukwa amenewo analidi bambo ake. Koma kunyada sikufa tsiku limodzi. Anati nanga a kwa Ndaula ndi maneti awo aja? Khomo likatseguka, iwo ndiwo adye.

"Ena adzadyadi," Shehe anavomera. "Sindingakunamizeni kuti nsomba iliyonse yodutsa idzafika pa miyala. Koma mukatseka inu, palibe ngakhale imodzi imene idzafike. Za maneti zisiyeni kwa ine. Amenewo ndi abale anga, amalume ndi asuweni, ndipo ndidzawayankhula ngati mwana wawo amene anakula ndi nsomba yodutsa. Mukuyesa chubu ichi ndikuchimatira chiyani? Msewu wa kwa Ndaula ndi waminga. Koma ndikafika kumeneko adzandifunsa kuti kumunsi kuli bwanji, ndipo ine sindidziwa kunama."

"Nanga sadaka, a Shehe? Anthu adzadya chiyani?"

"Zimene mwaumitsa kale ndi halali, phikani. Zikachepa, thirani nyemba. Ine ndidzakhala woyamba kutapa nyembazo, ndipo ndidzapempha zina, tione amene adzaseke." Anatenga nsomba zija, nazibweza m'manja mwa Bwanali mwaulemu, kuti nazonso zikaonjezere pa sadaka. "Munandifunsa ngati cha m'madzi ndi halali, ndipo ndayankha. Koma chimene chakuvekani mkanjo woyera ndi china: mukufuna kudziwa mmene mungawalemekezere bambo anu. Sadaka imene mukuphikayo idzadyedwa tsiku limodzi, mbale nkutsukidwa. Bambo anu anali ndi sadaka yawo, imene imayenda yokha m'madzi iwo ali chigonere. Inadyetsa ine, ndipo mwana aliyense amene mukumumva akuwerenga apo walawako. Musatseke sadaka yawo kuti muphike yanu."

Bwanali anadzuka, nagwira dzanja la Shehe ndi manja awiri, guluu ndi zonse, natsanzika.

Kunyumba anavula mkanjo, natenga mpeni ndi nkhafi ya bambo ake, imene inali itatsamira pakhoma chimwalirireni eni ake. Lukia anamuona, nafunsa ngati a Shehe amuuza kuti alendo adzadya mapemphero. Iye anangomuuza kuti aviike nyemba zambiri, chifukwa pali munthu wina walonjeza kudzapempha zina. Lukia anadandaula mpaka kukhitchini, koma pamene anaona nkhafi ija mawu ake anachepa, ndipo sanamutsekereze.

Sakina anathamangira kubwato asanaitanidwe.

Dzuwa linali pamutu, madzi ali mbee moti mchenga wa pansi unkaoneka. Bwanali analowa m'madzi mpaka m'chiuno, nadula chingwe cha nayiloni mfundo imodziimodzi, naukokera ukonde uja m'bwato. Kenako anagoneka nkhafi pakati pa zichiri ziwiri. Inakwana ndendende, monga anaisiyira mwini wake. Madzi anayamba kuthamanga pampatapo ndi kaphokoso kamene iye anali atakaiwala, konga munthu wopuma atatula katundu.

Anakwera m'bwato, nakhala pansi, mwana ali pambali pake. Kwa nthawi yaitali sikunadutse kanthu koma tsamba la mkuyu ndi kachidutswa ka bango. Kenako Sakina anamutsina pa mkono. Chithunzithunzi chachitali chinafika pakhomo paja, chinaima ngati mlendo wodikira kuti amuyankhe odi, chinagwedeza mchira kamodzi, nkudutsa. Pambuyo pake panabwera china. Zinakwera ndi mtsinje, kulunjika kumene kuli matope ofiira, ndi maneti, ndi miyala yotsala, ndi njinga ya Shehe imene mawa lake idzakhale pa msewu waminga.

Sakina anazitsata ndi maso mpaka zinasowa kuseri kwa bango. Kenako anatembenuka.

"Ababa, zikamadzabwerera ndi ana awo, zidzalidziwa khomoli?"